Mdani wa mbewu amabwera pakaliyala: zimene lamulo likufuna kwa mlimi

Ndili mnyamata, ndisanayambe ntchito ya ulangizi, ndidapita kukacheza kwa malume kudera la kunyanja. Kuseri kwa nyumba yawo kudali nthochi zooneka bwino, ndipo potsanzikana adandikumbira ana atatu a nthochi kuti ndikapatse mayi. Ndidawakulunga m'chiguduli n'kukwera nawo basi. Palibe adandifunsa kanthu panjira, nanenso sindidaone cholakwika. Mayi adakabzala kudimba.

Chaka chisanathe, awiri mwa ana aja adapinimbira, masamba ake ataima ngati tsache. Patapita zaka zochepa, nthochi za m'dimba la mayi ndi za m'madimba oyandikana nawo zidasiya kubereka. Nditapita kusukulu ya zaulimi n'kuona zithunzi za matenda a chisaka, mtima udandigunda, chifukwa ndidazindikira katundu amene ndidanyamula m'chiguduli muja.

Ndayamba ndi nkhani yangayi kuti alimi anzanga mumvetse chifukwa chake dziko lili ndi malamulo oletsa kunyamula mbewu mwachisawawa, olamula mlimi kunena akaona chachilendo m'munda, komanso opatsa mphamvu akuluakulu a zaulimi kulamula kuti mbewu zodwala zizulidwe. Ambiri timangowamva malamulowa tsiku limene katundu wathu walandidwa pachipata kapena mlangizi wafika ndi uthenga wozula nthochi, ndiye timaona ngati ndi nkhanza za boma. Koma tikayang'ana mbiri ya adani akuluakulu a ulimi wathu, tipeza kuti ambiri adachita kunyamulidwa ndi anthu, ndipo anthuwo sadali ndi cholinga choipa.

Alendo amene adatisaukitsa

Nankafumbwe wamkulu, uja amasandutsa chimanga ufa m'nkhokwe, kwawo ndi ku Mexico ndi maiko a pakati pa America. Adafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo m'dziko muno adapezeka koyamba mu 1991 kumalire a kumpoto, cha ku Karonga. Kuchoka apo adayenda ndi matumba a chimanga, malole ndi ngolo mpaka kufika m'zigawo zonse. Kachilomboka kamaboola chimanga cha m'zitsononkho, makaka a chinangwa, ngakhalenso mitengo ndi nsungwi za nkhokwe. Makolo athu ankasunga chimanga chosatonola m'nkhokwe kufikira chaka china. Lero aliyense akudziwa kuti akapanda kutonola, kuthira mankhwala kapena kusunga m'matumba osalowa mpweya, pofika Disembala apeza gaga.

Chisaka cha nthochi chidaoneka koyamba mu 1994 kudera la Thiwi m'boma la Nkhotakota. Chidafalikira pang'onopang'ono kudzera m'ana a nthochi amene anthu ankapatsana, mpaka chidafika ku Nkhata Bay, Mulanje ndi Thyolo, maboma amene ankadyetsa dziko lonse nthochi. Mabanja amene ankalipirira ana sukulu ndi ndalama za nthochi adatsala manja ali m'khosi, ndipo misika ya m'mizinda yathu idayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique.

Namasupuni kwawo ndi ku South America. Adafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankakonda maluwa ake n'kumawabzala m'maiwe okongoletsa pakhomo. M'chigwa cha Shire adayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1960. Lero amatseka madoko a asodzi ndi ngalande za mthirira, ndipo zinyalala zake zimasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. N'chifukwa chake pa Liwonde pali chotchinga ndi makina ovuula udzu mumtsinje.

Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano zidachokeranso ku America. Zidapezeka koyamba kuzambwe kwa Africa kumayambiriro a 2016, ndipo m'nyengo ya ulimi ya 2016/17 zidali zitafika kale m'minda yathu. Mu Disembala 2017 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Peter Mutharika, adalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pangozi chifukwa cha mbozizi.

Mwa adani anayiwa, ntchemberezandonda zokha ndizo zimayenda mtunda wautali pazokha, popeza gulugufe wake amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi mothandizidwa ndi mphepo. Atatu enawo amadalira kwambiri ife: thumba lathu, njinga yathu, bwato lathu.

Malamulo amene alipo

Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi loteteza mbewu, limene pa Chingerezi limatchedwa Plant Protection Act. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa latsopano mu 2018 kulowa m'malo mwa lakale la 1969. Lamuloli limayang'anira kalowedwe ndi katulukidwe ka mbewu ndi zokolola m'dziko muno. Limapereka mphamvu kwa oyendera mbewu a boma kuti aone katundu, alowe m'munda kapena mosungira zokolola, agwire katundu wokayikitsa, ndi kulamula kuti mbewu zogwidwa ndi matenda kapena tizilombo toopsa zithiridwe mankhwala kapena ziwonongedwe. Limalolanso boma kutsekera dera limene mwabuka vuto kuti mbewu zisatulukemo. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, imene ili ndi malo ngati Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo ndi Lunyangwa ku Mzuzu.

Lachiwiri ndi lamulo la udzu woononga, Noxious Weeds Act, limene lidakhazikitsidwa m'nthawi ya atsamunda. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: boma likalengeza kuti chomera chakuti n'choononga, mwini malo kapena amene akugwiritsa ntchito malowo ali ndi udindo wochichotsa ndi kudziwitsa akuluakulu.

Lachitatu ndi la matenda a ziweto, Control and Diseases of Animals Act. Ili ndi limene limagwira ntchito mukamva kuti boma laletsa kugulitsa kapena kuyendetsa nkhumba chifukwa cha chigodola, kapena latseka misika ya ng'ombe ku Chikwawa ndi Nsanje chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ndi lomwelinso limene limafuna kuti mukhale ndi chiphaso cha alangizi a ziweto musanasamutse ziweto kupita nazo dera lina.

Wophwanya malamulowa akhoza kulandidwa katundu, kulipitsidwa chindapusa kapena kukaonekera kukhoti. Koma kwa mlimi wamng'ono, zonse zimene malamulowa akufuna tikhoza kuziika m'magawo atatu.

Choyamba: osanyamula mbewu mwachisawawa

Aliyense wofuna kulowetsa mbewu, mbande, zipatso kapena zokolola m'dziko muno ayenera kuyamba wapeza chilolezo kuno kwathu, komanso chiphaso cha dziko kumene katunduyo akuchokera chotsimikiza kuti wayezedwa ndipo alibe matenda kapena tizilombo. Oyendera mbewu amapezeka m'zipata monga Songwe, Mchinji, Dedza, Mwanza ndi Muloza, komanso m'mabwalo a ndege a Kamuzu ndi Chileka.

Vuto ndi lakuti malire athu ndi aatali, ndipo m'madera ambiri munda uli ku Malawi, msika uli ku Mozambique kapena ku Zambia, achibale ali mbali zonse. Woyendera mbewu sangaime panjira iliyonse yachidule. Apa mpamene mlimi amakhala mlonda wa dziko. Kumpoto makamaka tiyenera kusamala ndi mbewu ya chimanga yolowa mozemba, chifukwa ku Kenya ndi Tanzania kuli matenda oumitsa chimanga, amene adapezeka ku Kenya mu 2011, ndipo amatha kuyenda ndi mbewu.

Ngakhale m'kati mwa dziko momwe muno, mbewu zobzala ndi ana, mitengo kapena zingwe ndizo zoopsa kwambiri, chifukwa matenda amene ali mwa make amapita ndi mwana. Mwana wa nthochi wochokera pachitsa chodwala akhoza kuoneka wathanzi tsiku lokumba, matendawo n'kudzaonekera patapita milungu kapena miyezi. Chimodzimodzi mitengo ya chinangwa: imanyamula matenda okhwinyatitsa masamba ndi aja oolesa chinangwa m'kati, amene ndi ofala m'madera a m'mphepete mwa nyanja. Choncho:

Tengani ana a nthochi, mitengo ya chinangwa ndi mbewu ya mbatata kuminda yochulukitsira mbewu imene alangizi akuidziwa. Ngati mukutenga kwa mnzanu, kaoneni munda wonse, osati chitsa chimodzi chokha chimene akukulozerani.

Gulani mbewu ya chimanga, nyemba ndi soya yotsekedwa bwino m'paketi, yokhala ndi chizindikiro chakuti idayezedwa, kwa ogulitsa ovomerezeka. Sungani lisiti ndi paketi mpaka mbewu itamera.

Mukagula chimanga chakudya kumsika, musachiunjike pamodzi ndi chanu. Chiikeni padera, muone ngati pansi pa thumba pakugwa ufa kapena ngati maso a chimanga ali ndi timabowo tozungulira. Matumba akale aviikeni m'madzi owira ndi kuwayanika musanaikemo zokolola zatsopano. Nkhokwe isesedwe, zinyalala zake zitenthedwe.

Chachiwiri: kunena msanga

Mdani wachilendo amagonjetseka akadali m'munda umodzi kapena m'mudzi umodzi. Akafika m'maboma asanu, chotsala ndi kuphunzira kukhala naye, monga tikuchitira ndi nankafumbwe wamkulu. Maso a boma m'munda ndi mlimi, chifukwa mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja ambirimbiri ndipo sangafike paliponse sabata iliyonse.

Alimi ena amabisa poopa kuti akanena, munda wawo uzulidwa kapena anzawo awaloza chala. Ena amathamangira kugula mankhwala osadziwa chimene akupha, n'kuwononga ndalama. Njira yabwino ndi iyi: mukaona kachilombo, udzu kapena zizindikiro zimene simudazionepo, dziwitsani mlimi wachitsanzo, mlangizi wa dera lanu kapena ofesi ya EPA. M'madera ena muli zipatala za mbewu zimene zimakhala pamsika masiku oikika, komwe alangizi ophunzitsidwa amaona mbewu yodwala ndi kulemba chithandizo. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani. Ngati mukunyamula chitsanzo, chimangeni m'pepala lapulasitiki kuti musamwaze vutolo panjira, ndipo kachilombo kaikeni m'botolo lotseka.

Kuti muone msanga, muyenera kuyendera munda. Chimanga chikangomera, lowani m'munda kawiri pasabata, m'mamawa kapena chakumadzulo. Yendani mokhotakhota, imani malo asanu, ndipo pamalo alionse onani mapesi 10 mpaka 20. Yang'anani mazira ounjikana pamasamba, timawindo toonekera pamene mbozi zazing'ono zapala tsamba, ndi ndowe zonga utuchi kunsonga kumene masamba atsopano amatulukira. Mbozi ya ntchemberezandonda yachilendoyi ili ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu, ndi timadontho tinayi takuda tokhala mwa makona anayi chakumchira. Mazira ndi mbozi zazing'ono mukhoza kuzifinya ndi manja. Zikakula n'kulowa m'kati, ngakhale mankhwala amavutika kuzipeza.

Alimi a m'zigwa za nyanja za Chilwa ndi Chiuta ali ndi udindo winanso. Madambo amenewa ndi amodzi mwa malo amene dzombe lofiira limaswanirana, ndipo bungwe la maiko a m'chigawo chino lolimbana ndi dzombeli, limene likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, limadalira uthenga wochokera kwa anthu okhala komweko. Mukaona ana a dzombe ataunjikana m'dambo, nenani asanamere mapiko.

Chachitatu: kuzula mukalamulidwa

Apa mpamene pamavuta, ndipo sindibisa. Ndidaimapo pakhomo pa mayi wina wachikulire amene nthochi zake zidali ndi chisaka. Adandimvetsera mpaka kumaliza, kenaka n'kundilozera chitsa chimodzi chimene chidali ndi kamkoko kakang'ono. Adati kamkoko kameneko ndi sopo ndi mchere wa mwezi umenewo, ndiye ine ndikazula ndiwapatsa chiyani? Funso lawo lidali loona. Nthochi yatsopano imatenga chaka kapena kuposerapo kuti ibereke, ndipo m'miyezi imeneyo pakhomo pamafunikabe ndalama.

Koma chisaka chilibe mankhwala. Kachilombo koyambitsa matendawa kakalowa m'chitsa, kamakhala mwa make ndi mwa ana onse. Nsabwe zakuda za nthochi, zimene zimabisala m'makhwapa a masamba ndi mwa ana aang'ono, zimayamwa madzi a nthochi yodwala n'kukapatsira yamoyo. Chitsa chimodzi chosiyidwa chifukwa cha chisoni chimakwanira kudwalitsa mbewu yatsopano ya mudzi wonse. Zidachitikapo m'madera ena kuti alimi adalandira mbewu yabwino, n'kubzala pafupi ndi zitsa zakale, ndipo posakhalitsa idadwalanso. N'chifukwa chake lamulo silisiya nkhaniyi m'manja mwa mwini munda yekha.

Zizindikiro za chisaka ndi izi: masamba atsopano amatuluka aafupi, oonda ndi oimirira, ounjikana kunsonga, m'mphepete mwake mumachita chikasu ndipo amathetheka msanga, mukayang'anitsa tsamba padzuwa muona timizere ndi timadontho tobiriwira kwambiri m'mitsempha ndi paphesi la tsamba. Nthochi yodwala ikadali yaing'ono sibereka, ndipo yodwala itakula imabereka kamkoko kopunduka.

Pozula, yambani mwapha nsabwe pothira madzi a sopo kapena mankhwala ovomerezeka pachitsa chonse, makamaka m'makhwapa a masamba. Mukangogwetsa osathira, nsabwe zimabalalika n'kupita kunthochi zoyandikana. Kenaka kumbani chitsa chonse, make ndi ana omwe, ngakhale amene akuoneka athanzi. Duladulani tsinde lapansi tizidutswa ting'onoting'ono kuti liume, kapena likwirireni m'dzenje lakuya. Bwererani pamalopo pafupipafupi kukachotsa mphukira iliyonse yotuluka. Papite miyezi ingapo popanda nthochi pamalopo musanabzale mbewu yatsopano, ndipo munda watsopano ukhale patali ndi nthochi zakale. Podikira, bzalanipo nyemba, soya, mbatata kapena masamba kuti malowo asagone.

Mayi aja adavomera patapita nthawi, anansi awo onse atagwirizana pamaso pa amfumu kuti azula tsiku limodzi ndipo anyamata a m'mudzimo athandiza okalamba kukumba. Chimene chidawatembenuza mtima ndi kuona kuti sakuluza okha.

Mfundo yomweyi imagwiranso ntchito pa nkhumba. Chigodola chikagwa, ena amapha msanga nkhumba zodwala n'kukagulitsa nyama kumsika wa kutali kapena kuotcha pamseu. Kachilombo ka chigodola kamakhala nthawi yaitali m'nyama, m'magazi, pansapato ndi pamatayala a njinga, motero wopulumutsa ndalama ya nkhumba imodzi amapha makola a midzi ingapo. Nkhumba yofa ndi matendawa ikwiriridwe m'dzenje lakuya kapena itenthedwe, ndipo alangizi a ziweto adziwitsidwe tsiku lomwelo.

Udzu nawo suona malire a munda

Kaufiti ndi wakwathu konkuno, koma amafala mofanana ndi alendo aja. Chomera chimodzi chimabereka njere zikwizikwi, zazing'ono ngati fumbi, zimene zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 kudikira mizu ya chimanga, mapira kapena mawere. Njerezi zimayenda ndi madzi othamanga, mphepo, dothi la pakhasu ndi papulawo, mapazi a ng'ombe, ndi mbewu yopunthira pansi m'munda wa kaufiti. Mlimi amene amasiya kaufiti kuti achite maluwa ofiira aja mpaka kuuma akubzalira anansi ake a kumunsi.

Zulani kaufiti asanachite maluwa. Ngati wachita kale, musamusiye mumzere: muunjikeni kunja kwa munda ndi kumutentha. Gwedezani ndi kutsuka makasu ndi pulawo musanalowe m'munda wina. Chitani kasinthasintha ndi soya, mtedza, nandolo kapena thonje, mbewu zimene zimanyenga njere za kaufiti kuti zimere koma osapeza poyamwa. Thirani manyowa, popeza kaufiti amakonda nthaka yoguga.

Namasupuni naye asatengedwe kukaikidwa m'damu la nsomba, m'chitsime cha kudimba kapena m'ngalande ya sikimu, kaya n'chifukwa cha maluwa ake kaya pofuna mthunzi wa nsomba. Nyengo ikamuyanja amatha kuchulukana kawiri m'masabata awiri okha, ndipo njere zake zimakhala m'matope zaka zambiri. Mukamuvuula, mukokereni kumtunda kutali ndi madzi kuti aume, kenaka mukhoza kupangira manyowa. Musamukankhire kumtsinje kuti apite kwa ena. Asodzi ndi eni mabwato achotse zidutswa za udzu paukonde ndi pabwato asanasamukire doko lina.

Mawu kwa mafumu ndi makalabu

Lamulo lolembedwa ku Lilongwe limagwira ntchito pokhapokha mudzi ukalitenga kukhala lake. Midzi yambiri ili kale ndi malamulo ake okhudza ziweto zolowa m'minda ndi moto wolusa. N'zotheka kuonjezerapo mfundo zochepa: mbewu ya nthochi kapena chinangwa yochokera kwina iyambe yaonedwa ndi mlangizi kapena mlimi wachitsanzo, tsiku lozula nthochi zodwala likhale limodzi kwa onse, okalamba ndi odwala athandizidwe, kaufiti asaloledwe kuuma m'munda, ndipo amene wanena za vuto m'munda mwake ayamikiridwe m'malo monyozedwa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Makalabu ndi makopaletivu amene akufuna kuitanitsa mbewu kunja kapena kutumiza zokolola kumaiko ena ayambe afunsa kuofesi ya zaulimi ya boma lawo za zilolezo zofunika, katundu asananyamuke. Kuchita zimenezi kumapulumutsa ndalama zimene zikadatayika katundu atagwidwa pachipata.

Kumudzi kwathu mayi adabzalanso nthochi, za mbewu yochokera kumunda wochulukitsira, ndipo zikubereka. Alendo akabwera n'kupempha mwana wa nthochi, amayamba awatengera kudimba kukaona zitsa zonse. Akabweretsa wawo kuchokera kwina, amawauza kuti amusiye kaye panja pa mpanda mpaka mlangizi amuone. Nyengo yobzala ikubwerayi, nanunso musanamange mbewu pakaliyala, funsani kumene yachokera ndipo kaoneni make.